Ana 118, sikimu sikutha: sabata yanga ndiziikonza bwanji?

Funso

"Zikomo alangizi. Ndine mphunzitsi watsopano pa sukulu ina yakumudzi m'boma la Dedza. Andipatsa Sitandade 3, m'rejisitala muli ana 118 ndipo ndili ndekha. Sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa teremu yonse) ndimalemba, malesoni pulani ndimalemba, ahedi amasaina, koma likamafika Lachisanu ndimapeza kuti theka la zomwe ndinakonza sindinaphunzitse. Ana ambiri sadziwa kuwerenga ngakhale maphatikizo, pomwe ena ochepa amawerenga bwino moti amatopa kudikira anzawo n'kuyamba phokoso. Mabuku ndi ochepa, buku limodzi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Lachinayi kuno ndi tsiku la msika, kalasi imakhala theka. Makope ndimapita nawo kunyumba koma sindimaliza kuchonga. Kodi sabata yanga ndiziikonza bwanji kuti ana aziphunziradi? Kapena ntchitoyi si yanga?"

Yankho

Aphunzitsi, mtima m'malo, ntchitoyi ndi yanu. Mphunzitsi amene wazindikira m'miyezi yoyambirira kuti ana ake sakuwerenga ndiye kuti akuyang'ana anawo, ndipo ntchito yonse imayambira pamenepo. Zambiri mwa zomwe mwatchulazi simunaziyambitse ndinu. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, inu muli ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Kuthithikana kotereku kunakula mu 1994 pomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana n'kuchuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinakwanire. Zimenezo simungazikonze muli m'kalasi. Chomwe chili m'manja mwanu ndi mmene masiku asanu a sabata akuyendera.

Choyamba musinthe muyeso womwe mukudziyezera. Panopa mukuwerenga masamba a sikimu omwe mwadutsa. Muyambe kuwerenga zomwe mwana akutha kuchita yekha pofika Lachisanu, zomwe Lolemba samatha. Sikimu ndi yofunika ndipo muzipitiriza kuilemba motsatira silabasi ndi buku la mphunzitsi, koma pambali pake muzikhala ndi kapepala ka ziganizo zitatu zokha, kolembedwa Lachisanu masana musanachoke pa sukulu. Mwachitsanzo: pofika Lachisanu likudzali mwana athe kuwerenga mawu okhala ndi nkh ndi mph monga nkhuku, nkhuni, mphika, mphasa, athe kuchotsera nambala mobwereka monga 52 kuchotsapo 28, athe kufunsa ndi kuyankha mafunso awiri a Chingerezi a pa mutu womwe muli. Maphunziro ena onse a pa taimutebulo muziphunzitsa ndithu, koma nthawi ikakuthinani, zitatuzi ndi zomwe simuyenera kuzisiya. Chiganizo cholembedwa kuti "ana adziwe kuwerenga" sichikuthandizani chifukwa simungachiyeze Lachisanu. Chizitchula mawu ake ndi nambala zake.

Musanakonze sabata ina iliyonse, mutaye sabata imodzi kufufuza pomwe mwana aliyense ali pa kuwerenga. Tengani katoni, mulembepo malembo 10 osatsata ndondomeko ya alifabeti, maphatikizo 10 osakaniza ophweka monga ma, lo, ku ndi ovuta monga nga, tsi, mbwe, mawu 5, ndi chiganizo chimodzi chachifupi chomwe sichili m'buku lawo. Muziitana mwana mmodzimmodzi pa tebulo panu pomwe ena akulemba kapena kujambula. Mwana mmodzi amatenga mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Ana 24 pa tsiku, ogawidwa katatu, ndiye kuti kalasi yonse yatha m'masiku asanu. Mwana akalephera malembo musamukakamize kupitirira, muthokozeni abwerere pamalo. M'kope lanu lachinsinsi mulembe 1 kwa amene sadziwa malembo, 2 kwa amene amawerenga maphatikizo koma amakanika kuwalumikiza kukhala mawu, 3 kwa amene amawerenga chiganizo. Nambalazi ndi zanu nokha. Musazilengeze, ndipo musatchule gulu lililonse dzina losonyeza kuti ndi la ofooka, chifukwa ana amalinyamula dzinalo mpaka kunyumba ndipo ena amasiyira pomwepo sukulu.

Mudzadabwa ndi zomwe mudzapeze. Ana ena omwe amakweza mawu kwambiri powerenga pamodzi adzapezeka pa 1. Iwowa analoweza tsamba lonse pomvera anzawo ndi poyang'ana chithunzi. Mukawalozera mawu apakati pa chiganizo, kapena mukalemba mawu omwewo pa kakhadi, amangoti kakasi. N'chifukwa chake chiganizo choyesera chisachokere m'buku.

Tsopano kakhalidwe ka m'kalasi. Gawani ana m'magulu 12 okhazikika a ana pafupifupi 10, osakaniza anyamata ndi atsikana, odziwa ndi otsalira. Apatseni mayina a mitsinje kapena mapiri: Linthipe, Bua, Shire, Dwangwa, Mulanje, Zomba ndi ena otero. Gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri ndi womuthandiza, ndipo muziwasintha mwezi uliwonse. Ngati ana amakhala pansi, lembani ndi choko mizere ya tinjira tiwiri kapena titatu tochokera ku bolodi kukafika kukhoma la kumbuyo, kuti muzitha kufika kwa mwana aliyense osaponda zala. Lolemba lililonse magulu azisuntha, akumbuyo abwere kutsogolo. Osasuntha ndi ana okhawo omwe ali ndi vuto la maso kapena makutu, iwo akhale kutsogolo nthawi zonse.

Maguluwa ndi omwe akubwezereni nthawi yomwe ikutayika. Taonani masamu ake. Kuitana mayina 118 mmodzimmodzi kumadya mphindi 10. Kugawa mabuku nokha, kudikira kuti phokoso lithe, kulemba pa bolodi ana atangokhala, zonsezi zimadya mphindi zisanu pa phunziro lililonse. Ngati muli ndi maphunziro 7 pa tsiku, mphindi 35 zapita, lomwe ndi phunziro lathunthu, ndipo pa sabata ndi maphunziro asanu. Mbali yaikulu ya sikimu yanu ikuthera pamenepo. Ndiye rejisitala izikhala motere: mtsogoleri aliyense aimirire n'kutchula omwe sanabwere m'gulu lake, inu n'kuchonga, mphindi zitatu zakwana. Mabuku amangidwe m'mitolo 12, mtsogoleri azitenga mtolo wake n'kuubweza atawerenga. Ntchito ya phunziro loyamba ndi lachiwiri muzilemba pa bolodi ana asanalowe, nthawi yosesa kapena asembule isanayambe. Mukhalenso ndi chizindikiro chimodzi choletsera phokoso, monga kuwomba m'manja katatu iwo n'kuyankha kawiri, ndipo muchiyeserere mpaka chizolowereke. Kukuwa kumangokuthetsani mawu pofika Lachitatu. Ndodo musaigwire n'komwe. Unduna wa Zamaphunziro suloleza kukwapula ana, komanso mwana wamantha sayesa kuwerenga mokweza poopa kulakwa.

Za mabuku. Buku limodzi lingawerengedwe bwino ndi ana atatu okhala moyandikana. Akakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi mozungulira, awiri amaliona chadodolido ndipo wina saliona n'komwe, ndipo kwa mwana amene akusokonezabe b ndi d kapena p ndi q, kuona malembo mozondoka kumangowonjezera chisokonezo. Chitani chonchi: nkhani ya sabatayo muilembe m'malembo akuluakulu pa tchati, pa katoni yotambasula kapena pa thumba loyera lochapa bwino. Theka la gulu liziwerenga m'buku atatuatatu, theka lina liziwerenga pa tchati, pakatha mphindi zisanu asinthane. Malembo a pa bolodi ndi pa tchati asachepere masentimita 5 kutalika kwake, ndipo mukalemba pitani mukaime kukhoma la kumbuyo muone ngati mukuwerenga mosavutika. Ngati kalasi ilibe chitseko, matchati ndi makhadi muziwasunga m'thumba ku ofesi ya ahedi, pamalo okwera, chifukwa chiswe ndi mbuzi zimatha ntchito ya mwezi wonse usiku umodzi.

Tiyeni tione sabata yeniyeniyo. Zinthu zatsopano muziziika Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu. Lolemba muyambe ndi kubwereza mwachidule za sabata yatha chifukwa masiku awiri a kunyumba amafufuta zambiri, kenako mulowetse chinthu chatsopano chimodzi pa phunziro lililonse. Lachiwiri ndi Lachitatu ndi masiku omwe ana amabwera ambiri, choncho zovuta kwambiri zigwere pamenepo. Lachinayi, tsiku lanu la msika, musayambitse mutu watsopano. Mukatero, theka la kalasi lidzafika Lachisanu lisakudziwa pomwe mwayambira, ndipo mudzaphunzitsa kawiri. Mabuku a mphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi a pulogalamu ya kuwerenga yomwe inayamba mu 2016 ali ndi maphunziro obwereza, omwe aphunzitsi ambiri amawalumpha pothamangira kutsogolo. Kambiranani ndi mkulu wa sekishoni yanu (mphunzitsi woyang'anira chigawo cha makalasi chomwe muli Sitandade 3) kuti maphunziro oterowo azigwera Lachinayi. Tsikuli, popeza ana ndi ochepa, buku limakwanira atatuatatu ndipo mumatha kumvetsera ana ambiri akuwerenga mmodzimmodzi. Lachisanu ndi loyesa ziganizo zitatu zija ndi kukonza za sabata yotsatira.

Izi sizikutanthauza kuti kujomba kwa Lachinayi mukuvomereze. Lembani mayina a omwe amajomba tsikuli kwa masabata atatu otsatizana muwapereke kwa ahedi, kuti komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi mafumu akambirane ndi makolo awo. Ana ambiri otere amatumidwa kukagulitsa kapena kulera mng'ono wawo mayi ali ku msika, ndiye kumukalipira mwanayo sikusintha kanthu.

Phunziro la mphindi 35 lizigawika motere: mphindi 5 kubwereza za dzulo, 8 inu kuonetsa chatsopano, 8 kuchitira limodzi ndi ana, 10 ana kuchita okha kapena awiriawiri, 4 kuona zomwe apeza. Chomwe chimalakwika kawirikawiri n'chakuti gawo la mphunzitsi limafufuma kufika mphindi 20, belu n'kulira ana asanagwire pensulo. Komatu kuphunzira kwenikweni kumachitika m'mphindi 10 zija. Ngati mulibe wotchi, ikani foni pa tebulo muziyang'ana nthawi. Chinanso ndi kuyankha kwa chigulu. Mukafunsa kuti "mwamva?" kalasi yonse imati "eee", ndipo mukaloza mawu, ana 20 amawerenga, ena 98 n'kumangotsatira kamphindi pambuyo. Khutu silingagwire zimenezi. Muziwauza kuti aliyense alembe yankho m'kope mwake ndi malembo akulu, muwerenge mpaka 3, onse akweze makope nthawi imodzi. Mukangoyang'ana mudziwa ngati ambiri apeza. Kunja, mchenga ndi chala zimagwira ntchito yomweyo. Pofunsa funso la pakamwa, funsani kaye, dikirani masekondi asanu, kenako mutchule dzina, ndipo lisakhale la omwe akweza mkono okha.

Masiku atatu pa sabata, pezani mphindi 15 kapena 20 zoti ana akhale motsatira nambala zija za m'kope lanu. A gulu 1 akhale ndi inu: malembo a liwu a, e, i, o, u, kenako lembo limodzi kapena awiri atsopano pa sabata, kutchula liwu lake, kulilemba m'malere, pansi ndi m'kope, n'kuliphatikiza kukhala ma, me, mi, mo, mu. Musathamange. Mwana amene wadziwa bwino malembo 8 okha amayamba kuwerenga mawu enieni monga amama, mutu, nena, ndipo tsiku lomwe wawerenga yekha mawu oyamba amasintha maonekedwe. A gulu 2 muwapatse makhadi a maphatikizo, odulidwa ku makatoni, masentimita 10 mbali zonse, kuti azilumikiza n'kupanga mawu, n'kuwalemba. Pamenepa pomwe ambiri amagwa ndi pa h wa mpweya ndi pa ng'. Aonetseni mawu awiriawiri: pala ndi phala, kola ndi khola, ngolo ndi ng'oma, ngozi ndi ng'ona. Aike chikhatho patsogolo pa kamwa amve mpweya womwe umatuluka potchula pha ndi kha. A gulu 3 aziwerenga timabuku ta nthano ngati sukulu ili nato, kuyankha mafunso olembedwa, kapena kulemba nthano yawoyawo ya ziganizo zisanu. Ana amenewa angathandize anzawo kamodzi kapena kawiri pa sabata, koma musawasandutse aphunzitsi tsiku ndi tsiku. Nawonso anabwera kudzaphunzira, ndipo phokoso lomwe mukudandaula nalo limachokera pa kusowa chochita cholingana ndi msinkhu wa nzeru zawo.

Pa masamu ndifotokozeko mwatsatanetsatane, chifukwa kuchotsera mobwereka ndi pomwe ana ambiri a Sitandade 3 amasiyanirana ndi masamu mpaka kalekale. Uzani mwana aliyense abweretse timitengo 10 totalika ngati pensulo, ta bango, nandolo kapena tsekera. Mupeza timitengo toposa 1,000, zomwe zikupereka pafupifupi 100 pa gulu lililonse. Amange mitolo ya 10 ndi luzi kapena malegeni. Mtolo ndi teni, kamtengo kosamanga ndi wani. Pa 52 kuchotsapo 28, gulu liike mitolo 5 kumanzere ndi timitengo 2 kumanja. Afunseni achotse timitengo 8 pa tiwiri tija. Akaona kuti sizikutheka, musawauze msanga chochita, dikirani wina anene kuti timasule mtolo umodzi. Akamasula, kumanzere kwatsala mitolo 4, kumanja kuli timitengo 12. Achotse 8 kutsale 4, achotse mitolo 2 kutsale 2, yankho 24. Chilichonse chomwe manja achita, inu muzichilemba pa bolodi nthawi yomweyo pansi pa mateni ndi mawani: mtolo ukamasulidwa, dulani 5 mulembe 4, pa 2 pakhale 12. Lolemba ndi Lachiwiri agwiritse ntchito timitengo, Lachitatu ajambule mitolo m'makope, kuyambira Lachinayi nambala zokha, koma timitengo tikhale pafupi kwa amene akufunabe.

Mayankho olakwika amakuuzani matenda ake. Mwana amene walemba 36 anachotsa 2 pa 8 chifukwa anazolowera kuti chaching'ono chimachoka pa chachikulu. Ameneyu sanamvetse kubwereka n'komwe, abwerere ku timitengo. Amene walemba 34 anabwereka bwino n'kupeza 4, koma anaiwala kuti mateni atsala 4. Ameneyu wangotsala pang'ono, mumuzoloweze kudula nambala ya mateni asanachite china chilichonse. Onse awiri mukangowathetha ndi cholembera chofiira, simunathandize aliyense.

Apa tafika pa kuchonga. Makope 118, mphindi imodzi pa kope, ndi pafupifupi maola awiri pa phunziro limodzi lokha. Palibe amene angakwanitse zimenezo tsiku lililonse n'kukhalanso ndi mphamvu zokonzekera za mawa. Muzipereka mafunso asanu okha. Ana akulemba, muziyenda m'tinjira tija ndi cholembera, kuchonga funso loyamba kapena lachiwiri pomwepo ndi kukonza cholakwa mwana akuona. Pomaliza, lembani mayankho pa bolodi, asinthane makope achongerane ndi pensulo. Ndiyeno tsiku lililonse muzitolera makope a magulu awiri kapena atatu okha, pafupifupi 24, kuti muwaone mofatsa. Pakutha pa sabata kope la mwana aliyense ladutsa m'manja mwanu kamodzi. Powaona, muzifunafuna cholakwa chomwe chikubwerezedwa ndi ana ambiri, chimenecho ndicho muyambire phunziro la mawa. Makope a ana asagone kunyumba kwanu masiku awiri, chifukwa ambiri ali ndi kope limodzi la maphunziro onse.

Lachisanu yesani mwachidule: mawu asanu oti alembe mukuwatchulira, masamu asanu, ndi kumvetsera Chingerezi cha magulu angapo awiriawiri. Amene wapeza 4 mwa 5 wamva. Ngati oposa theka alephera, Lolemba mubwereze mutuwo mwanjira ina, osati kungonena zomwezo mokweza. Ngati olephera ndi ochepa, monga mmodzi mwa anayi alionse, pitirirani ndipo amenewo muwatenge pa mphindi 15 zija. Zili ngati kupakiza m'munda: amapakiza mbewu zikangomera, osadikira kuti chimanga china chifike m'mawondo. M'gawo la sikimu lolembamo ntchito yomwe yachitika mulembe zoona: mwaphunzitsa chiyani, ana angati amva, mwasuntha chiyani. Ena amangokopera zomwe anakonza kuti mabuku aoneke oyera a PEA (alangizi oyendera sukulu za pulayimale za m'dera lanu) akabwera. Zotsatira zake n'zakuti mphunzitsi wa Sitandade 4 amalandira ana omwe pa pepala anamaliza zonse pomwe sadziwa kuwerenga, ndipo vutolo limakaonekera poyera pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 nthawi itatha kale. Mlangizi wodziwa ntchito yake amalemekeza rekodi yonena zoona yokhala ndi chifukwa chake.

Nthawi ya zaluso, nyimbo ndi masewero musamaibe kuti mumalizire masamu. Ana a zaka 8 kapena 9 sangakhale pansi maola onsewo, ndipo masewero angathe kunyamula phunziro. Jambulani phada pabwalo, m'bokosi lililonse mulembe phatikizo, mwana azitchula pomwe waponda, ndipo akafika kumapeto apange mawu. Pakona pa kalasi ikani kasitolo ka mapaketi ndi mabotolo opanda kanthu, ndalama zojambula pa mapepala za K20, K50, K100 ndi K200, ana azigula ndi kubweza chenje, komwe ndi kuchotsera komwe kuja. Nthano ya Lachisanu, ya "Padangokhala" iwo n'kumati "Tili tonse", muziidula pakati n'kufunsa chomwe chichitike kutsogolo ndi chifukwa chake. Kumvetsa nkhani kumayambira m'makutu mwana asanathe kuiwerenga.

Ntchito ya kunyumba ikhale yaing'ono, yotheka dzuwa lisanalowe komanso popanda buku: mawu asanu okopera m'kope oti akawerengere aliyense wa kunyumba, kapena masamu atatu. Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kumvetsera n'kuika kachizindikiro m'kope. Pa msonkhano wa makolo mufotokoze zimenezi, chifukwa ambiri amaganiza kuti popeza iwo sanapite patali ndi sukulu palibe chomwe angathandize.

Teremu yachiwiri imagwera m'dzinja, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala m'midzi yambiri. Mvula ikamagwa pa malata opanda siling'i, mawu anu samveka, choncho muzikhala ndi ntchito yolemba kapena makhadi okonzeratu m'thumba. Mitsinje ikadzaza ana a kutsidya amachedwa kapena sabwera, ndiye sabata zoterozo muchepetse zatsopano. Ana obwera osadya amafooka dzuwa likakwera, n'chifukwa chake ndi bwino kupempha ahedi kuti Chichewa ndi masamu zikhale m'mawa. Ngati sukulu yanu imalandira phala, gwirizanani ndi amayi ophika kuti magulu azipita motsatana pa nthawi yodziwika, chifukwa mzere wa ana 118 wosakonzeka umadya phunziro lathunthu.

Pali zina zomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Mwana amene amatsinzina kapena kuyandikitsa kope kumaso, amene amatuluka mafinya m'khutu, amene sayankha mukamuitana ali chembali, kapena amene amagwa khunyu, uzani ahedi ndi makolo kuti apite naye kuchipatala, ndipo alangizi a zaumoyo a m'deralo angathandize kulondolera. Wa khunyu akagwa, chotsani zinthu zomwe zingamupweteke, musamuike kanthu m'kamwa, kugwedezeka kukatha mumugoneke cham'mbali, ndipo muwauze anzake kuti matendawa sapatsirana. Mwana wachialubino nthawi zambiri saona bwino patali, choncho akhale kutsogolo, mumulembere malembo akulu, mumulole kuvala chipewa ndipo asakhale padzuwa. Mwana amene wakhala nanu pa gulu 1 teremu yonse, akubwera tsiku lililonse, koma sakugwira ngakhale malembo asanu, mudziwitse a PEA kudzera kwa ahedi kuti aonedwe ndi mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, monga omwe amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Mukaona zipsera zosamveka chiyambi chake, mantha achilendo, kapena mwana akakuuzani kuti wina akumuchita zoipa, musafufuze nokha ndipo musaitane woganiziridwayo. Uzani ahedi tsiku lomwelo kuti nkhani ifike kwa oteteza ana kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Zonse ndalembazi musaziyambe Lolemba limodzi. Sabata yoyamba pangani magulu 12, rejisitala ya atsogoleri ndi kuyesa kuwerenga. Yachiwiri yambani ziganizo zitatu ndi kayesedwe ka Lachisanu. Yachitatu onjezani mphindi 15 za magulu a kuwerenga ndi timitengo ta masamu. Pemphani mkulu wa sekishoni kapena mphunzitsi wa Sitandade 1 wodziwa bwino kuphunzitsa maliwu kuti mukaonerere phunziro lake limodzi, nayenso adzaonerere lanu, ndipo ku maphunziro a ku TDC (malo omwe aphunzitsi a m'dera amakumana kukasula luso lawo) muzipita ndi funso lenileni lochokera m'kalasi mwanu. Mukamaliza kuyesa ana onse, tengani kope lija mupite nalo kwa ahedi muwaonetse kuti pa 1 pali ana angati, pa 2 angati, pa 3 angati. Ndi nambala zimenezo mupemphe zinthu ziwiri: kuti kalasi igawidwe pawiri kapena mupatsidwe wothandizana naye ngakhale pa maphunziro a Chichewa okha, komanso kuti pogula zipangizo za sukulu teremu ino aikepo matchati ndi zolembera zake za kalasi yanu. Pakatha masabata asanu ndi limodzi muwayesenso anawo ndi katoni ina ya mawu atsopano, musunthe omwe akwera gulu.